Unati Sindikudziwa Kuzizira

Lusungu mwana wanga,

Masana ano mashini ndawafunditsa nsalu. Mayi wina anabwera kudzatenga diresi lake la ukwati wa Loweruka, ndam'bweza kuti adzabwere mawa madzulo, chifukwa manja anga lero sangawongole msoko. Iwe wapita ku Engutwini kukatsanzika agogo ako ndi azakhali ako, ndipo ndikudziwa kuti uchedwa dala kuti udzandipeze nditatopa. Palibe kanthu. Zimene ndikanakuuza pakamwa ndazilemba, ndipo uziwerenga, ufune usafune. Ndalemba m'Chichewa changa cha ku Kasungu. Chitumbuka cha abambo ako ndimatsatsira nacho malonda, koma ndikakwiya chimandithawa pakamwa.

Ndakwiya, Lusungu. Mawa m'mawa ukukwera minibasi ya ku Lilongwe, mkuja uli m'ndege kubwerera ku Kanada kukayamba chaka chachiwiri, ndipo milungu isanu yonse wakhala pano wakhala ukundinamiza tikudyera mbale imodzi.

Dzulo unandipatsa jekete lako kuti ndisoke thumba lobooka lija. Nditapisa dzanja ndinapeza kuti zinthu zinagwera mkati mwa nsalu yapansi: pepala lopindapinda ndi kapaketi ka mapiritsi, atangochotsedwapo awiri okha. Chingerezi changa n'cha Sitandade 8, choncho pepalalo ndinapatsa a Nyirenda, aphunzitsi opuma aja amene amakonda kukhala pabenchi yanga. Anawerenga kawiri, anavula magalasi, n'kunena kuti, “NyaBanda, imikani kaye mashini.” Anandimasulira mzere ndi mzere. Akuti miyezi yozizira ija unatha milungu isanu ndi umodzi osaponda m'kalasi. Akuti unalephera maphunziro atatu. Akuti zikachitikanso chaka chino malo ako atha, ndipo amene akukulipirira sukulu asiya. Nkhani ya mwana wanga ndinaimva pakhonde la sitolo, anthu akudutsa kupita kumsika, kuchokera pakamwa pa munthu wadera.

Madzulo nditakufunsa sunayambe n'kupepesa. Unati, “Amama, bwanji mukupisa m'zinthu zanga?” Kenako unafotokoza mwachidule ngati ukuyankha wapolisi: kuti kumeneko dzuwa limalowa folo koloko, kuti unkangogona usana ndi usiku, kuti chakudya chinkakukanika kumeza, kuti dokotala wa pasukulu anakupatsa mapiritsiwo koma unawasiya poopa kuti anzako aziti wazungulira mutu. Pomaliza unadzuka pampando n'kunena mawu amene andiletsa kusoka lero. “Simungamvetse, Amama. Kuzizira inu simukukudziwa. Kuno kulibe kuzizira.”

N'zoona, sinowo, madzi oundana ogwa ngati ufa aja, ndinangomuona pafoni yako. Dzuwa lolowa anthu asanaweruke kuntchito sindinalionepo. Koma chimene kuzizira kumachita ndi munthu amene ali yekha kutali ndi kwawo ndimachidziwa kuposa iwe, ndipo ndinachiphunzira ndi mtengo umene sindifuna kuti iwe ulipire. Khala pansi, umve za mayi ako amene ukumuyesa mbuli.

Ndinali ndi zaka makumi awiri pamene abambo ako ananditenga kwathu kupita nane ku Chikangawa, kumene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini. Tinafika mwezi wa Meyi, titakwera pamwamba pa lole. M'sutikesi mwanga munali madiresi awiri opyapyala, zitenje zitatu ndi nsapato za pulasitiki. Nyumba yathu inali ya zigwagwa, matabwa otsala aja okhala ndi makungwa, ndipo mphepo inkalowa paliponse ngati kwawo. Nkhungu inkagona pakhomo mpaka teni koloko. Madzi a mu ndowa ankaluma zala mpaka misozi kutuluka. Tsiku lachitatu kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana nafe, NyaMoyo, munthu wamkulu wa msinkhu wa amayi anga, atanyamula chijekete chachimuna chonunkha dizilo, mikono yake yofika m'maondo. Anati, “Valani ichi, mwana wane. Kuno mphepo njoipa chomene.” Ine ndinachiyang'ana n'kuganiza za akazi anzanga kumjigo, kuti aziti mkwatibwi watsopano wavala ngati mlonda. Ndinayankha kuti, “Yewo, ndili nazo zanga.” Ndinalibe kanthu. Patatha milungu iwiri ndinagona ndi chifuwa chimene mpaka lero chimandikumbutsa Juni akafika.

Iwe wachita chimodzimodzi. Ndine telala, nsalu ndimaidziwa ndi zala. Jekete limene unandipatsa dzulo ndi la kuzizira kwa pa Mzimba boma pano, lopitira kutchalitchi m'mawa wa Julayi. Zithunzi zonse unkatumiza unali m'kajekete kameneka kolekeza m'chiuno, mutu pamtunda, makutu pamtunda, anzako kumbuyo kwako atafunda ngati matumba a chimanga. Ine ndinkaonetsa anthu kuti onani mwana wanga mmene akutchenera. Unandiuza wekha chaka chatha kuti kuli tchalitchi china chimene chimagawa zovala zachisanu kwa ophunzira ochokera kunja, ndipo unaseka kuti ndi za nkhalamba. Ukangofika, usanamasule n'komwe chikwama, upite kumeneko. Ukatenge chachikulu, chonyansa, chofika m'maondo. Ukatenge nsapato zolemera, chipewa chophimba makutu, magolovesi, ndi zovala zamkati zaubweya. Vala, Lusungu. Palibe amene anakutumiza kumeneko kukapikisana ndi ana a eni dziko pa kutchena. Ukundimva? Vala.

Cholakwa changa chachiwiri chinali makalata. Nthawi imeneyo foni kunalibe, ndinkalembera amayi anga ku Kasungu kamodzi pa mwezi n'kupatsira woyendetsa lole. Kalata iliyonse inkanena zofanana: tili bwino, nyumba ndi yabwino, nkhuni n'zambiri, musadandaule. Ndinkalemba zimenezi zala zitauma, cholembera chikugwa. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona adzati, paja tinakuuza kuti usakwatiwe kutali. Patapita zaka, zonse zitaonongeka kale, amayi anga anatulutsa makalata aja m'kabokosi n'kuwaponya pamiyendo panga. Anati, “Ndikanagulitsa mbuzi n'kukwera basi tsiku lomwelo. Unandimana mwana wanga ndi mabodza akowa.” Sindinawaonepo atakwiya chotero. Dzulo ndi pamene ndamvetsa mkwiyo umenewo, chifukwa tsopano uli pachifuwa panga.

Lamlungu lililonse ndinkachoka kutchalitchi kuthamangira pamwamba pa kachulu kuseri kwa nyumba kuja, kumene foni imagwira bwino, kuti ndimve mawu ako. “Ndili bwinobwino, Amama.” Ndikati yatsa kamera ndikuone, iwe, “Netiweki ikuvuta, Amama.” Netiweki ya ku Kanada! Ine chitsiru ndinkakhulupirira, n'kumatukwana foni yanga. Pamene iwe unali gone m'chipinda makatani otseka, masiku atatu osasamba. Usadzandiuzenso kuti uli bwinobwino pamene suli bwino. Bodza limenelo si ulemu, si kundimvera chisoni. Ndi kundimanga manja.

Tsopano ndikuuza chimene sindinauzepo mwana wanga aliyense. M'mawa uno ndinauza abambo ako kuti ndikulembera, anamaliza kumanga zingwe za nsapato, kenako anati, “Muuzeni. Wakula.”

Ukudziwa kuti usanabadwe iwe kunali mchimwene wako Vitumbiko, ndipo kamanda kake ku Engutwini umakadziwa. Unauzidwa kuti anamwalira ndi chibayo ali ndi miyezi inayi. Sichinali chibayo.

Chinali chisanu changa chachiwiri ku Chikangawa. Ntchito ya abambo ako inasunthira mkatikati mwa nkhalango, ankagona komweko milungu iwiri, nthawi zina itatu. Ndinatsala ndekha ndi khanda m'nyumba ya zigwagwa ija. Sindingakuuze tsiku limene zinayamba. Poyamba ndinangosiya kupita kumjigo m'mawa, ndinkadikira kuti nkhungu ichoke. Kenako ndinasiya kupita kutchalitchi chifukwa kunali kutali ndipo mphepo inkalasa. Kenako ndinasiya kuphika ndiwo, ndinkangomwa phala. Kenako ndi phala lomwe linayamba kundikwana. Ndinkayamwitsa mwana n'kugonanso, kudzuka, kuyamwitsa, kugonanso. Sindinkalira. Ndinkangomva ngati thupi langa ladzazidwa mchenga wonyowa. Kodi si zimenezi unandifotokozera dzulo, iwe amene ukuti sindingamvetse?

NyaMoyo sanatope nane ngakhale ndinam'kanira jekete. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo. “Odi, NyaBanda! Tiyeni kunkhuni.” Ndinkayankhira mkati kuti mutu ukundipweteka. Masiku ena ndinkangokhala chete, n'kutseka kamwa ka mwana ndi bere kuti asalire, mpaka ndimve mapazi akubwerera. Ndinkadana naye mayi ameneyo. Ndinkati akufuna adzaone umve wa m'nyumba mwanga kuti akasimbe kumjigo.

Tsiku lina mu Julayi nkhungu sinachoke n'komwe. M'mawa NyaMoyo anagogoda, sindinayankhe. Chakumasana ndinagwira mapazi a mwana, anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ndinatenga nsanza ndi mapepala n'kutseka mipata yonse ya m'khoma. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli. Ndinayatsa mbaula, ndipo makala asanafiire bwino ndinailowetsa m'nyumba n'kuiika pafupi ndi mphasa. Usaganize kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa. Aliyense ku Chikangawa amadziwa kuti mbaula sagona nayo m'nyumba yotseka, ndipo NyaMoyo anali atandiuza kangapo. Ndinati pang'ono pokha, mwana afunde, kenako nditulutsa. Kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri m'nyumba munafunda. Ndinam'kumbatira Vitumbiko n'kutseka maso.

NyaMoyo anabweranso chakumadzulo, chifukwa anaona kuti ndi tsiku lachitatu pachingwe panga palibe thewera ngakhale limodzi. Anagogoda, zii. Anatchera khutu, osamva mwana. Anathamangira kwake kukatenga nkhwangwa n'kuswa chitseko. Ine ndinatsitsimukira panja pa udzu wonyowa, ndikusanza, mutu ngati ukung'ambika pakati, amayi oyandikana nafe atandizungulira akundithira madzi. Nditatha kuyankhula ndinafunsa mwana. NyaMoyo anali atakhala pachitsa chapatali pang'ono, atam'fukata m'chitenje chake, ataphimba ndi nkhope yomwe. Sanandiyang'ane.

Abambo ako anakaitanidwa kunkhalango. Atafika anamva zonse kwa NyaMoyo, analowa m'nyumba, anazula nsanza zija m'khoma imodziimodzi n'kukazitaya. Abale atafika kuchokera ku Engutwini, anaimirira n'kunena kuti, “Mwana watisiya ndi chibayo.” Amayi onse amene anandithira madzi aja anagwedeza mitu kuvomereza. Mpaka lero abambo ako sananenepo kuti ndinapha mwana wawo. Safunika kunena. Ndimadziuza ndekha Julayi aliyense.

Ndiye ukandiuza kuti kuzizira sindikukudziwa, Lusungu, ukunena ndi munthu amene kuzizira kunam'landa mwana. Ndipo mvetsa bwino, si mbaula yokha inachita zimenezi. Mbaula inangomaliza. Zinayamba tsiku limene ndinasiya kutsegula chitseko. Munthu akadzitsekera milungu yambiri nzeru zimachepa, amayamba kuchita zinthu zimene akudziwa bwino lomwe kuti n'zoopsa, chifukwa sakusamalanso. Kumeneko mbaula kulibe, ndikudziwa, m'zipinda mwanu mumafunda ndi magetsi. Koma chipinda chotseka n'chomwecho, ndipo sindikufuna kudziwa chimene chikanamaliza iwe. Sindinakufunse dzulo ngati unaganizapo zoipa m'milungu imeneyo. Ndinaopa yankho. Ngati maganizo otero anakufikirapo, kapena akadzakufikira, uuze munthu tsiku lomwelo. Dokotala, mphunzitsi, mnzako, ine. Tsiku lomwelo, osati mawa lake.

Unatchula mtsikana wa ku Zambia amene amakhala chipinda choyang'anana ndi chako, Mutinta. Unati amavuta, amangogogodagogoda, ndipo unkazimitsa nyale kuti aziyesa kulibe. Pamene unkanena zimenezi ndinafuna kukuwomba mbama, pa msinkhu wakowo. Munthu wa mwini, ali ndi mayeso ake, ali ndi kuzizira kwake, n'kumataya nthawi kuima pakhomo pako, iwe n'kumamubisalira! Ukafika ukam'pepese. Ukamuuze kuti akagogoda kawiri iwe osayankha, akaitane woyang'anira nyumba atsegule ndi kiyi wake. Ndipo nambala yake ndikuifuna usanakwere minibasi mawa. Chinyanja amayankhula, timvana. Usanene kuti ndikukuchititsa manyazi. Manyazi ndinawasunga ine, waona chimene anandigulira. Tsegula chitseko, Lusungu.

Titabwerako kumaliro ndinalakwitsanso. Namwino wa pakachipatala kena anandiitanira pambali, anayankhula nane mofatsa, anandipatsa mankhwala n'kunena kuti ndizibwera mlungu uliwonse tizicheza. Mlamu wanga wina ataona mankhwalawo anati, “Amenewa ndi a anthu amisala. Mukufuna mutichititse manyazi pamudzi?” Ndinawaponya m'chimbudzi, ndipo kwa namwino uja sindinabwerereko. Zotsatira zake ndinatha zaka ziwiri ndikuyenda ngati chithunzi. Mwina ndikanamvera zikanatha msanga, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlamu uja sanandithandize kunyamula tsiku ngakhale limodzi la zaka ziwirizo. Anzako amene ukuwaopawo nawonso sadzakulembera mayeso. Mapiritsi aja ndawabwezera m'chikwama chako, koma usakayambe kumwa pawekha. Upite kwa dokotala yemweyo mlungu woyamba, kunja kukadali kofunda, ukamuuze mosabisa kuti unamwa awiri n'kusiya, ndiponso chifukwa chake. Iye ndiye akakuuze chochita. Usadikire kuti mdima uyambe. Denga amafolera mvula isanagwe.

Chimene chinandidzutsa ine ndi nkhanza za NyaMoyo. Ndikuti nkhanza chifukwa ndi mmene ndinkazionera. Chitseko chija atachiswa sichinkatsekekanso bwino, ndipo iye analetsa abambo ako kuchikonza. Ankangolowa m'mawa osaodira, n'kundivundukula bulangete, n'kundiveka chijekete chonunkha dizilo chija ngati akuveka mwana. “Nyamukani. Mukalirire kunkhuni, mbwenu tibwerere limodzi.” Tinkayenda mtunda wautali m'mapaini, ine ndikumutukwana mumtima. Tikabwerako ankandikhazika m'nyumba mwake, mmene munali mashini opukusa ndi dzanja, n'kundiunjikira mathalauza ong'ambika a anthu ocheka matabwa kuti ndiziika zigamba. M'nyumbamo simunkasowa anthu, wina akusenda mbatata, wina akuluka, wina akunena miseche. Sindinkayankhula nawo, koma ndinkawamva. Tsiku lina ndinazindikira kuti ndaseka. Ndinachita mantha, ndinayang'ana pansi ngati ndaba. Ntchito imene yakulera iwe mpaka kukufikitsa ku yunivesite ndinaiphunzira m'nyumba imeneyo. NyaMoyo anamwalira iwe uli Sitandade 3, ndipo sindinam'thokoze mokwanira.

Choncho sindikukuuza kuti ukalimbe mtima. Mawu amenewo ndi opanda ntchito, anandiuza anthu ambiri ndipo sanandidzutse pamphasa. Ndikukuuza kuti ukatuluke. Tsiku lililonse, dzuwa likakhala pamutu, ngakhale likhale lofooka ngati nyali yotha mafuta, uvale zonse utuluke, uyende mpaka thupi limve. Usakadikire kuti mtima ufune, sudzafuna. Miyendo iyambe, mtima uzitsatira pambuyo. M'kalasi ukapite ngakhale usanawerenge, ngakhale ukakhale kumbuyo osamva kanthu. Kuwerenga ukawerengere kumene kuli anthu, osati pabedi. Bedi ndi logonapo usiku basi. Ndipo udye chakudya chotentha, chophika, kamodzi pa tsiku ngakhale pakhosi pakane. Unandiuza kuti ufa umapezeka m'sitolo ina ya anthu a ku Afirika kuno. Ugule, uitane Mutinta, muphike, mudye awiri. Munthu wodya yekha sachedwa kusiya kudya. Za mowa sindinakumvere, koma ndinena ndithu: ndinaona amuna ku Chikangawa akumwa kachasu kuti afunde, ndipo ndinaona mmene ena ankapezekera m'mbali mwa msewu. Usayese n'komwe.

Aphunzitsi akonso ukawaone. A Nyirenda akuti pansi pa pepala lija analemba dzina la ofesi imene umayenera kupita kukafotokoza vuto lako, ndipo akuti anakuitana kawiri. Sunapite. Anthu akukutambasulira dzanja, iwe manja m'thumba lobooka. Ukapite, ukanene kuti ndinadwala, chifukwa kumeneko kunali kudwala, sikunali ulesi. Ukafunse kuti maphunziro atatu aja ungawabwereze bwanji. Wofunsa sasochera.

Tsopano ndinene za ine, chifukwa mkwiyo wangawu theka lake ndi wa ine mwini. Chichokereni iwe ndakhala ndikuyenda pa boma pano ngati ndine ndinakwera ndege. Aliyense wobwera kudzayeza diresi ankayamba waona zithunzi zako. Kumvano ankanditcha amake a ku Kanada, ine n'kumasekerera. Ndipo ndikakuimbira foni ndinkayamba bwanji? “Zikuyenda bwino eti, mwana wanga? Anthu onse kuno akukunyadira.” Ndinkakufunsa funso nditakuyankhira kale. Ndikukumbuka Lamlungu lina mu Disembala, kuno mvula ikugwa, unanena ndi mawu otsika kuti, “Amama, kuno kukumada msanga.” Ine ndinaseka. Ndinati, “Ndiye bwino, uziwerenga nthawi yaitali.” Iwe unangofunsa za chimanga. Usiku wathawu mawu amenewo andibwerera. Unagogoda pakhomo panga, mwana wanga, ndipo amene sanatsegule ndine. Ine amene ndinayenera kuzindikira mawu otero kuposa mayi wina aliyense m'boma lino. Pamenepo ndinalakwa, ndapota, undikhululukire. Koma kulakwa kwanga sikukuchotsera kwako. Ukanagogodanso. Ukanafuula.

Kuyambira tsopano tizichita chonchi. Ndikaimba Lamlungu kamera iziyaka, ndizikuona nkhope ndi chipinda chomwe, makatani ali otsegula. Sindidzakufunsanso ngati zikuyenda bwino. Ndizikufunsa kuti wadya chiyani, watuluka kangati, wayankhula ndi ndani, dzina lake. Ukadzati netiweki, ndikuimbira Mutinta. Ndipo tsiku likadzakuipira usadikire Lamlungu. Imba nthawi iliyonse, ngakhale kuno kukhale kusanache, ngakhale ulibe chonena. Ungoti, “Amama, lero n'zovuta.” Sindidzakulalikira. Ndidzakhala nawe pafoni mpaka uvale nsapato.

Ndikudziwa chimene chinakutseka pakamwa. Unkaona nkhope za anthu onse amene anakuperekeza chaka chatha. Unkamva mawu a azakhali ako a ku Engutwini, amene ananena pamaso pako kuti kutumiza mwana wamkazi kutali chotero n'kutaya nthawi, akanangokwatiwa ndi mwana wa a Jere wa magalimoto uja. Unkaopa kuti akadzamva kuti walephera adzavina. Adzavinadi, ndimawadziwa. Avine mpaka fumbi lifike ku Jenda. Iwo sanakubereke. Ine amene ndinakubereka ndikukuuza kuti mutu uli nawo, unakhoza mayeso amene ana a anthu olemera analephera, ndipo ndikufuna ukamalize. Ndikufuna kwambiri. Ukapite ukamenye nkhondo imeneyi ndi zida zonse zimene ndakuuzazi, osasiyapo ngakhale chimodzi.

Koma ukadzachita zonsezi, wavala, watuluka, wamwa mankhwala, wauza anthu, n'kuona kuti chisanu cha kumeneko chikukugonjetsabe, bwerera. Ukumva? Bwerera kwanu. Sukulu ziliko ku Mzuzu, ziliko ku Zomba, ndipo ngakhale zikanapanda kukhalako, pakhomo pano pali malo ako. Ndidzabwera ndekha kudepoti kudzakuchingamira masanasana, msika wonse ukuona, ndidzasenza chikwama chako pamutu ndi kudutsa nawe pakati pa boma ndikuyankha moni wa aliyense. Zimenezo ndingathe. Chimene sindingathe ndi kukaima kubwalo la ndege ku Lilongwe, kukhomo la katundu, kudikira bokosi. Ndinaika kale mwana mmodzi chifukwa cha kuzizira. Wachiwiri sindiika.

Ndikadali wokwiya, ndipo mawa ndikakhala wosayankhula panjira usadabwe. Pita bwino, NyaGondwe mwana wanga. Mulungu akutsogolere, koma nawenso uziyenda.

Ndine mayi ako,
NyaBanda